KODI GALIMOTO INGAYENDE NDI MADZI?

Nkhani ya lero iri ya mafuta oyendetsera magalimoto, mathirakita ndi zigayo, makamaka mbiri ija imene imamveka kawirikawiri yakuti kwina kwace kuli munthu wanzeru amene wapanga galimoto yoyenda ndi madzi okhaokha. Mbiri imeneyi siifa. Imagona zaka zingapo, ndipo mtengo wa petulo ndi dizilo ukangokwera imaukanso, nikambidwa pa cigayo, pa msika ndi m'basi; masiku ano imafikanso pa lamya za m'manja pamodzi ndi zithunzi zace. Imakoma m'khutu, pakuti mlimi ali yense adziwa kuti dizilo akakwera, mtengo wogayitsa cimanga ukwera, wonyamula feteleza kucokera ku Chipata kapena ku Petauke ukwera, ndipo mwini lole wodzatenga matumba a nshawa afuna ndalama zoonjezera. Koma madzi ali pa citsime, osagula.

Nkhawa ya mafuta siyacilendo m'dziko muno. Zambia alibe zitsime za mafuta, ndipo dontho liri lonse licokera kunja. Akuluakulu akumbukira zimene zinacitika pamene Ian Smith anapandukira Britain mu November 1965. Kufikira nthawi imeneyo mafuta anali kubwera kudzera m'dziko la Rhodesia, ndipo njira imeneyo itatsekeka petulo anayamba kugulitsidwa moyeza, munthu ali yense magaloni owerengeka pa mwezi. Ndege za Britain, Canada ndi America zinanyamula mafuta m'migolo, ndipo malole anayenda usiku ndi usana pa mseu wamatope wocokera ku Dar es Salaam, pamene madalaivala ambiri anataya miyoyo yao. Mpumulo unabwera mu 1968 pamene mpope wa TAZAMA, wa makilomita 1,710, unatha kumangidwa kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Koma mu 1973 maiko a Aluya anacepetsa mafuta ogulitsa, ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo wace unakwera kanai pa dziko lonse. Cotero munthu wofunafuna cinthu cina colowa m'malo mwa mafuta sali wopusa. Funso ndi lakuti cinthuco cingakhale madzi kodi.

Yankho lace ndi lakuti iai, ndipo cifukwa cace sicibvuta kumva. Cinthu cikamayaka, cimakhala ciri kugwirizana ndi mpweya wina wa mumlengalenga wochedwa okosijeni, ndipo pa kugwirizana kumeneko mpamene pamaturuka kutentha. Nkhuni zikatha kuyaka patsala phulusa. Palibe mai amene amasonkhezera phulusa pa mafuwa kuti aphike nsima, pakuti mphamvu imene inali m'nkhunimo inaturuka kale. Tsono madzi nao ndi phulusa la mtundu wace. Pali mpweya wopepuka kwambiri wochedwa haidirojeni, umene umayaka koposa petulo, ndipo ukayaka cotsala cace ndi madzi. Katswiri wa ku France, Antoine Lavoisier, anaonetsa cimeneci ku Paris mu 1783: anatentha haidirojeni m'botolo, ndipo m'kati mwace munaoneka madontho a madzi. M'makilogalamu 9 a madzi muli kilogalamu imodzi ya haidirojeni ndi makilogalamu 8 a okosijeni, zogwirana zolimba. Madzi onse a mu Luangwa ndi mu Zambezi ali haidirojeni amene anapsya kale. Ndico cifukwa cace madzi sayaka.

Wina anganene kuti: ngati m'madzi muli haidirojeni, bwanji osamucotsamo ndi kumutenthanso? Kumucotsa kutheka ndithu, ndipo sicinsinsi. Mu 1800 amuna awiri a ku London, William Nicholson ndi Anthony Carlisle, anamiza mawaya awiri ocokera ku batire m'madzi, naona thobvu liri kuturuka pa mawayawo. Ku waya umodzi kunali kuturuka haidirojeni, ku unzace okosijeni. Ana a sukulu za sekondale amacita cimeneci m'kalasi kufikira lero. Bvuto liri pa mtengo wace. Mphamvu yofunika kulekanitsa madzi siingacepe kuposa mphamvu imene ibwera haidirojeniyo akapsyanso. Ndipo popeza makina onse amataya mphamvu ina m'kutentha, zolowa zimaposa zoturuka nthawi zonse. Makina abwino a m'mafakitale amadya mayuniti a magetsi 50 kapena kuposapo kuti apange kilogalamu imodzi ya haidirojeni, koma mphamvu yonse imene iri m'kilogalamuyo siifika mayuniti 40. Ndipo injini ya galimoto, potentha mafuta a mtundu uli wonse, imataya zoposa theka la mphamvu yace ku mpope wa utsi ndi ku rediyeta. Munthu wogula nkhuku pa K50 nakaigulitsa pa K40 angagule ndi kugulitsa tsiku lonse, koma madzulo thumba lace lidzakhala lopepuka.

Pamenepa mpoyenera kunena za tizipangizo timene anthu ena amagulitsa, pakuti ndi pomwe ndalama za anthu zimalowera. Kacipangizoko kamakhala botolo kapena kabokosi ka madzi osakaniza ndi soda, m'kati muli tizitsulo tathyathyathya, ndipo mawaya ace amalumikizidwa ku batire ya galimoto. Injini ikalira madzi aja amacita thobvu, ndipo mpweya umapita ndi kapaipi kukalowa mu injini. Wogulitsa amanena kuti mafuta adzatha pang'ono, theka kapena kuposa. Woonerera amakhulupirira cifukwa thobvulo aliona ndi maso ace, ndipo akaliyandikiza macisi limaphulika. Koma afunse kumene magetsi opanga thobvulo acokera. Acokera ku batire. Batire imadzazidwa ndi dainamo. Dainamo imazunguzidwa ndi lamba wa injini. Ndipo injini imazungulira ndi petulo kapena dizilo yemwe uja. Kacipangizoko kakayamba kukoka magetsi, dainamo imalemera, ndipo injini imamwa mafuta oonjezera kuti iizunguze. Pa sitepe iri yonse mphamvu ina imatayika. Cimene cibwerera mu injini ndi kacigawo kakang'ono ka cimene cinatengedwamo. Kuli ngati munthu wotunga madzi m'citsime ndi cidebe cobooka, nawathiranso m'citsime momwemo, nanena kuti citsime cidzadzala.

Pali zinthu zina zoona zimene zimasokoneza anthu pa nkhani imeneyi. Okalamba amene anagwira nchito ku njanji, ku Livingstone kapena ku Kabwe pamene panali kuchedwa Broken Hill, anaona sitima ikuima pa thanki nimwa madzi ambirimbiri isanapitirire ulendo. Zoonadi inamwa, koma m'mimba mwace munali ng'anjo ya malasha a ku Wankie, ndipo munthu anali kuponyamo malasha ndi fosholo ulendo wonse. Madzi anali kusanduka nthunzi yokankha mawilo, koma mphamvu inali ya malasha. Moto ukazima sitima imaima ngakhale thanki iri yodzala. Madzi a mu rediyeta nao nchito yao ndi kuziziritsa injini basi. Ndiponso kuli magalimoto enieni oyenda ndi haidirojeni, monga Toyota Mirai imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2014. Galimoto imeneyo imathiridwa haidirojeni wopangidwa kale ku fakitale, wogula ndi ndalama, ndipo madzi amaturuka ku mpope wace wa kumbuyo monga utsi uturukira ku magalimoto ena. Wojambula cithunzi akaonetsa madonthowo nanena kuti iyenda ndi madzi, watembenuza nkhani mutu pansi.

Nanga Kariba? Kumeneko madzi amaperekadi magetsi, kuyambira pamene cipupa cinatha kumangidwa mu 1959. Koma sapsya, amagwa kucokera pamwamba nazunguza makina, ndipo akaturuka pansi amakhala madzi omwewo, opita ku Mozambique. Cimene cinawakweza pamwamba ndi dzuwa, limene limatenga nthunzi ku nyanja nkuigwetsa ngati mvula ku magwero a Zambezi. Mvula ikacepa magetsi nao amacepa, monga anthu anaonera pa cilala ca 2024, pamene nyumba zambiri zinakhala mumdima maola ambiri pa tsiku.

Anthu onena kuti apeza cinsinsi ca madzi akhala alipo kuyambira pamene magalimoto anayamba kucuruka. Mu 1916, nkhondo yoyamba iri m'kati ndipo petulo atakwera mtengo, nkhalamba ina ya ku New York, Louis Enricht, inaitana olemba nyuzipepala nithira mankhwala obiriwira m'cidebe ca madzi, nkuwathira m'galimoto, ndipo galimoto inalira. Anthu olemera anathamangira kwa iye, ngakhale Henry Ford anafuna kumva zace. Iye anakana kuulula mankhwalawo, ndipo patapita zaka zowerengeka anaponyedwa m'ndende cifukwa ca cinyengo cina ca mafuta. Wochuka koposa onse ndi Stanley Meyer wa ku Ohio, ku America komweko, amene ananena kuti kagalimoto kace kangayende kucokera ku Los Angeles kufika ku New York ndi magaloni 22 a madzi. Anthu awiri amene anampatsa ndalama anamsumira, ndipo akatswiri otumidwa ndi bwalo la mirandu atapima makina ace anapeza kuti munalibe cacilendo, koma kulekanitsa madzi ndi magetsi kuja kwa 1800. Mu 1996 bwalo linagamula kuti anacita cinyengo cacikuru, nilimlamula kubweza madola 25,000. Anamwalira mwadzidzidzi mu 1998, ndipo omkhulupirira amanena kufikira lero kuti anadyetsedwa mankhwala. Koma dokotala wa Boma amene anapima mtembo anapeza kuti mtsempha wa mu ubongo unaphulika. Ku Philippines, Daniel Dingel anakhala zaka zoposa makumi atatu akuonetsa galimoto yace ya madzi, osalola akatswiri kuipima mokwanira, ndipo mu 2008, ali ndi zaka 82, bwalo linampeza wolakwa pa mlandu wodya ndalama za kampani ina mwacinyengo.

Asaganize munthu kuti onyengedwa ndi osaphunzira okha. Mu 2007, ku Zimbabwe, pa nthawi imene mafuta anasowa kwambiri, mai wina wamizimu, Rotina Mavhunga, ananena kuti dizilo ali kuturuka m'thanthwe pafupi ndi Chinhoyi, tauni ya pa mseu wocokera ku Chirundu kupita ku Harare. Akamenya mwala ndi ndodo, dizilo woyengeka bwino anali kuyenderera. Nduna za Boma zinatumidwa kukaona, zinabvula nsapato pamaso pace, ndipo iye analandira ndalama zambiri ndi mphatso. Pambuyo pace kunadziwika kuti pamwamba pa phiri panali thanki yobisika ndi paipi, ndi munthu wotsegula pomva cizindikiro. Mlanduwo unathera ku ndende. Akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo munthu amene wapanikizika ndi kusowa ndiye amene safuna kung'amba mkuyuwo kuti aone.

Kawirikawiri pamanenedwa kuti makampani a mafuta ndiwo anabisa nzeru imeneyi. Makampaniwo sali angelo, koma mau amenewa sagwira. Mapepala ofotokoza makina a Meyer analembetsedwa ku Boma la America, ali poyera, ndipo munthu ali yense ali ndi ufulu wopanga makinawo. Palibe amene wayendetsa nao galimoto pamaso pa opima. Germany pa nkhondo yaciwiri anasowa mafuta kotero kuti anamanga mafakitale akuru osandutsa malasha kukhala petulo. South Africa anacita cimodzimodzi ndi kampani ya Sasol, imene inakhazikitsidwa mu 1950, nataya cuma cambiri pa nchitoyo. Japan amagula kunja pafupifupi mafuta ace onse, ndipo wazingidwa ndi nyanja. Maiko otere, okhala ndi akatswiri ambiri, sakadalola kubvutika cotero madzi akadakhala mafuta.

Komabe zinthu zolowa m'malo mwa petulo ndi dizilo ziripo, ndipo zambiri mwa izo zimacokera m'munda. Zonsezo ziri ndi mphamvu imene zomera zinatenga ku dzuwa, ndipo zonsezo ziri ndi mtengo wace.

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, magalimoto mazana a zikwi ku Ulaya anayenda ndi nkhuni ndi makala. Ku Sweden kokha analipo oposa 70,000 pofika 1942. Kumbuyo kwa galimoto kunali kumangidwa mgolo wacitsulo, m'mene nkhuni zinali kunyeka ndi mpweya wocepa, ndipo utsi woturukamo, utasefedwa ndi kuziziritsidwa, unali kuyaka mu injini. Makilogalamu atatu a nkhuni zouma anali kugwira nchito ya lita imodzi ya petulo. Koma galimoto inali kufooka pa citunda, dalaivala anali kukoleza moto asananyamuke ndi kucotsa phulusa ndi phula masiku onse, ndipo utsiwo ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Nkhondo itatha ndi petulo atabwerera, anthu anataya migoloyo msanga. Kwa dziko limene mitengo yace iri kutha kale ndi makala ophikira, njira imeneyi siyosiririka.

Njira imene yapambana koposa zonse ndi ya nzimbe. Mu 1975 Boma la Brazil, litapwetekedwa ndi kukwera kwa mafuta kwa 1973, linayamba nchito yaikuru yopanga ethanol kucokera ku nzimbe. Mu 1979 kunaturuka galimoto ya Fiat 147 yoyenda ndi ethanol yekha, ndipo kuyambira 2003 kumapangidwa magalimoto olandira petulo kapena ethanol kapena zosakaniza, monga mwini afunira. Petulo wamba wa kumeneko amakhala ndi ethanol woposa gawo limodzi mwa magawo anai. Ndipo sikofunika kupita kutsidya kwa nyanja kuti munthu aone zimenezi. Ku Zimbabwe fakitale ya ku Triangle inayamba kupanga ethanol wosakaniza ndi petulo mu 1980. Ku Malawi fakitale ya ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, inayamba mu 1982, ndipo oyendetsa magalimoto a kumeneko akhala akugula petulo wosakaniza kwa zaka zambiri. Ubwino wa ku Dwangwa ndi wakuti amagwiritsa nchito madzi akuda okhuthala otsala popanga shuga, ochedwa molasses, kotero kuti shuga sacepa. Zotsala zotere zimapezekanso kuli konse kumene amapanga shuga, monga ku Nakambala pafupi ndi Mazabuka.

Ethanol ndi cinthu comwe cija cimaledzeretsa mu mowa, ndipo kapangidwe kace sikasiyana kweni-kweni ndi kacheredwe ka kacasu: zotsekemera zimawira masiku angapo, kenaka zimaphikidwa ndipo nthunzi imaziziritsidwa mu mpope. Koma pamenepa pasakhale wina woganiza zothira kacasu m'thanki ya njinga yamoto. Kacasu, ngakhale wa mutu weniweni, ali ndi madzi ambiri. Kuchera kwa nthawi zonse, ngakhale kubwerezedwe kangati, sikupitirira magawo 96 pa 100, ndipo ethanol wosakaniza ndi petulo ayenera kuumitsidwanso ndi makina ena kufikira madzi atatsala osakwana gawo limodzi pa 100. Akapanda kutero, madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo nizikhala pansi pa thanki, ndipo injini imazima. Adziwenso mlimi kuti lita ya ethanol iri ndi mphamvu yocepa, magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo. Ku America ethanol amapangidwa ndi cimanga, ndipo cimanga coposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola zao cimapita kumeneko. Iwo ali ndi cimanga cotsala. Dziko limene nkhokwe zace zimapepuka mu January liyenera kuganiza kawiri lisanapatse galimoto cakudya ca ana.

Injini ya dizilo, imene ndiyo ya thirakita ndi cigayo, iri ndi mbiri yace yokondweretsa alimi a kuno Kum'mawa. Pa cionetsero cacikuru ca ku Paris mu 1900, injini ina ya mtundu umene Rudolf Diesel anayambitsa inayendetsedwa ndi mafuta a nshawa, ndipo inayenda bwino kotero kuti oonerera ambiri sanazindikire kusiyana kwace. Ca m'ma 1980 akatswiri a zaulimi ku South Africa anayesa mafuta a mpendadzuwa m'mathirakita. Mathirakita anayenda, koma mafuta a mbeu ndi okhuthala kopambana dizilo, sapsya bwino, ndipo patapita nthawi mwaye wouma unatseka timabowo topopera mafuta mu injini. Mankhwala ace ndi kuphika mafutawo pamodzi ndi methanol ndi soda yaukali, kuti cokhuthalaco cipatuke nicikhale pansi. Cotsala pamwamba ndico cimachedwa biodiesel. Nchito imeneyi iri ya anthu ophunzitsidwa, pakuti methanol amacititsa khungu ndipo amapha. Ndiponso mlimi awerenge bwino: makina oyengera a pamanja amafuna makilogalamu anai kapena asanu a mpendadzuwa kuti aturutse lita imodzi. Ayerekeze mtengo wa lita ya mafuta ophikira pa msika ndi mtengo wa lita ya dizilo. Nthawi zambiri adzapeza kuti kuli bwino kugulitsa mafutawo kwa ophika ndiwo, nkugula dizilo ndi ndalamazo, nkutsala ndi cenji, pamodzi ndi zotsalira za mbeu zodyetsa nkhumba ndi nkhuku.

Phunziro lowawa koposa linabwera ndi mtengo wa jatropha, umene ena amaucha nsatsimanga. Pakati pa 2005 ndi 2008 mtengo umenewu unatamandidwa m'maiko ambiri a Africa ndi ku India kuti umamera pa nthaka yoguga, sufuna mvula yambiri kapena feteleza, ndipo njere zace zimapereka mafuta a dizilo. Makampani anabwera m'Zambia, nalemba alimi zikwi zambiri, nawapatsa mbeu ndi malonjezo akuti adzagula zokolola zaka zambiri. Mtengowo unameradi pa nthaka yoguga, koma kumera ndi kubala ndi zinthu ziwiri: popanda madzi ndi cakudya ca m'nthaka unabala njere zocepa. Mtengo wa mafuta pa dziko lonse utagwa kumapeto kwa 2008, makampani ambiri anatseka nacoka. Alimi anatsala ndi mitengo m'minda imene ikadakhala ya cimanga kapena nshawa, ndi njere zimene munthu sangadye, mbuzi siingadye, ndipo pa msika palibe wozifuna, pakuti ziri ndi ululu. Mafuta a jatropha ndi enieni, sali ngati madzi a Meyer. Koma kwa mlimi wotsala ndi matumba opanda wogula kusiyanako kunali kocepa. Mbeu ya wogula mmodzi yekha iri ndi ngozi imene nshawa, soya ndi mpendadzuwa ziribe, pakuti izi, wogula akapanda kubwera, zimalowa mu mphika. Wofuna kuyesa mbeu yatsopano yotere ayambe ndi mzere wa m'malire kapena mpanda wa dimba, munda waukuru ausiye.

Pakhomo pamene pali ng'ombe zitatu kapena zinai zogona m'khola pali mafuta ena amene amangotayika. Ndowe zikasakanizidwa ndi madzi nizitsekeredwa m'dzenje lomangidwa ndi njerwa ndi simenti, losalowa mpweya, zimaola nizituruka mpweya woyaka wochedwa biogas. Ku India ndi ku China mabanja mamiliyoni amaphikira mpweya umenewu, ndipo phala loturuka m'dzenjemo ndi manyowa abwino a m'dimba. Kuyendetsa galimoto nao nkobvuta, koma kuphika ndi kuunikira kutheka, ndipo palafini ndi makala zimapulumuka. Dzenjelo lifuna mmisiri wodziwa, ndi kudyetsedwa tsiku ndi tsiku monga ciweto. Ambiri amene analephera anagwa pa madzi osowa m'cilimwe kapena pa ng'ombe zogona kuthengo. Ca dimba, mpope wa dzuwa wayamba kulowa m'malo mwa kainjini ka petulo m'madambo ambiri. Kugula kwace nkokwera, koma pambuyo pace sufuna lita ngakhale imodzi. Ndipo asaiwalike ng'ombe za pa goli, zimene zimakoka khasu ndi ngolo pa mphamvu ya udzu ndi mapesi.

Tsono wogulitsa kacipangizo ka madzi, kapena mapiritsi oponya m'thanki, akafika pamudzi, mwini galimoto asakangane naye. Ampemphe zinthu ziwiri. Coyamba, ngati anena kuti injini iyenda ndi madzi okha, alole makanika wosankhidwa ndi wogula acotse paipi ya mafuta, akhuthule thanki ndi kabureta, ayang'ane ngati palibe kathanki kena kobisika, ndipo galimoto iyende makilomita 50, osati kungolira pabwalo, pakuti injini imatha kulira kanthawi ndi mafuta otsalira m'mapaipi. Caciwiri, ngati anena kuti mafuta adzangocepa, thanki idzazidwe mpaka pakamwa, galimoto ipite ulendo wodziwika, monga kucokera ku Katete kufika ku Chipata ndi kubwerera, ndi katundu yemweyo ndi dalaivala yemweyo, idzazidwenso ndipo malita alembedwe. Acite cotero katatu popanda kacipangizo ndi katatu kali pomwepo. Kubwereza nkofunika cifukwa munthu amene wangolipira ndalama amayendetsa mofatsa osadziwa, ndipo kufatsako ndiko kumasunga mafuta. Ndalama isaturuke mayeso asanathe, ndipo wopemphedwa kugula masheya m'kampani ya makina otere ayambe wakafunsa kwa mlangizi wa zaulimi kapena ku ofesi ya Boma.

Malita amene angapulumutsidwe lero lomwe ali m'zinthu zazing'ono. Matayala osapopedwa bwino amadya mafuta. Sefa ya mpweya yodzala pfumbi la m'cilimwe imatsamwitsa injini. Pa cigayo, nyundo zakutha, sefa yotsekeka ndi lamba wolenda zimacedwetsa kugaya, ndipo thumba limodzi limamwa dizilo woposa muyeso. Thirakita yosiyidwa ikulira pamene dalaivala ali kudya nsima imatentha ndalama pacabe. Alimi anai obwereka lole imodzi yodzala amalipira pang'ono kuposa anai obwereka malole anai.

Ndipo madzi, amene ena afuna kuwathira m'thanki, ndiwo mdani woyamba wa injini ya dizilo, pakuti amadyetsa dzimbiri pampu ndi timabowo topopera mafuta, zimene kukonza kwace kungadye ndalama za matumba ambiri a cimanga. Mgolo wa dizilo usaimikidwe ciriri pa mvula, pakuti madzi osonkhana pa cibvundikiro amalowa pang'onopang'ono. Ugonekedwe cam'mbali pamthunzi, pa mitengo iwiri. Mgolo wobwera kumene pa ngolo ukhale tsiku lathunthu usanatsegulidwe, kuti madzi ndi zinyalala zitsike pansi, ndipo paipi yopopera isafike pansi peni-peni. Kagalasi kamene kali pansi pa sefa ya mafuta ya thirakita kayang'anidwe m'mawa uli wonse, ndipo madzi akaoneka m'menemo akhuthulidwe injini isanalizidwe.